Pailoti wa Chikwakwa

Khalani, khalani, abale anga, walowa si bishopu. Abusa andipempha kuti ndilankhule mwachidule. Abusawa ndi achilendo kuno ku Nsaru, sanandidziwe bwino, tiwakhululukire.

Ndaona ena mukugundana zigongono kumbuyoko kuti a Pailoti aja ndi amenewa. Ndine ndithu. Dzina limene anandipatsa mayi anga ndi Laisoni, koma linatha ntchito kalekale. Muno ena mwabwera chifukwa cha kachasu, ena mwangotuluka kumene kundende, tsitsi silinamere n'komwe. Ine konse kuwiri ndafikako. Koma chimene chinanditsekera si botolo lokha ayi. Linali bodza limodzi limene ndinalidyetsa zaka khumi mpaka linakula kundiposa, ndipo linatsala pang'ono kundichotsa pakhomo pamene ndakalambira.

Ndiyambe ndi mawu amene anandikanika zaka zonsezo. Ndege sindinakwerepo. Inu a chipewa chofiira kumapetoko mwamva? Sindinakwerepo, sindinalowemo, ngakhale tayala lake sindinaligwirepo.

Pabwalo la ndege ku Lumbadzi ndinagwirako ntchito zaka zinayi, zimenezo n'zoona. Ntchito yake inali kutchetcha udzu ndi chikwakwa m'mbali mwa msewu umene ndege zimathamangapo, kuti mbalame zisamabisalemo. Ndege ikafuna kunyamuka kapitawo ankaliza wezulo, ife n'kuthawira kumpanda, n'kumaionera patali ngati wina aliyense. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, koma magazini amene oyeretsa ankatulutsa m'ndegemo ndinkawatola kudzala n'kumaona zithunzi: mipando, timawotchi tambirimbiri ta kutsogolo kwa woyendetsa, mizinda ya nyumba zazitali. Chizungu chake ndinkachidumpha. Zotsalazo ndinkadzaza ndi mutu wanga.

Kumpanda komweko ndi kumene ndinakumana ndi akazi anga, a Nabanda. Ankagulitsa zitumbuwa, akukhala kwa mkulu wawo. Iwowo anandiona ndi maso awo, malaya ong'ambika pamsana, chikwakwa paphewa, udzu m'tsitsi. Ntchito itatha ananditengera kwawo, kuseri kwa Kabudula uko, ku chikamwini. Inu akamwini anzanga mukudziwa mmene zimakhalira. Nyumba umamanga ndiwe, mitengo ya mango umadzala ndiwe, koma dothi ndi la eni ake, ndipo mwini mbumba akati nyamuka, umanyamuka. Kwathuko mwini mbumba ndi mlongo wawo wa a Nabanda, alamu anga a Sikelo, munthu wosaseka, wolima fodya wabwino, amene kuyambira tsiku loyamba ankandiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'dimba. Pamudzipo ankangodziwa kuti mkamwiniyu ankagwira ntchito kundege. Palibe anafunsa kuti ntchito yanji, ine sindinaonjezere.

Matipate atabwera, nyuzipepala zinachuluka ngati bowa. Aliyense wokhala ndi makina ndi mkwiyo ankatulutsa yake. Ina inandipeza pamsika pomwe pano atakulungiramo usipa. Kumapeto kwake analemba kuti akufuna nkhani zopeka za m'Chichewa. Ndinagula kope ndi bolopeni, n'kulemba za munthu wina dzina lake Kaputeni Kabawi, woyendetsa ndege wosaopa kanthu, wa ndevu zakuthwa. Ndege yake ndinaitcha Nabanda, chifukwa imachita phokoso koma siigwa.

Mkonzi wa nyuzipepalayo, bambo wamfupi wa tayi yofiira, anandiitanitsa ku tauni. Anandifunsa kuti za ndegezi ndinazidziwira kuti. Ndinamuuza zoona zake, ndipo aka kanali komaliza kuti ndinene zoona pa nkhaniyi kwa zaka khumi. Anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti palibe munthu angagule nkhani ya ndege yolembedwa ndi wotchetcha udzu. Sabata yotsatira nkhani inatuluka, pansi pa mutu atalemba kuti wolemba ndi pailoti wopuma pa ntchito, wa ku Kabudula. Ndinauwerenga mzere umenewo kasanu. Bodza silinali langa, koma linandikwana ngati jekete ya pakaunjika.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse kope limodzi linkakwera minibasi kupita ku tauni. Kabawi anathamangitsa mbava za minyanga ya njovu, anatera pamsana pa sitima ya pamtunda ikuyenda, anapulumutsa mwana wamkazi wa mfumu ya m'chipululu cha mchenga, anamenyana ndi munthu wa diso limodzi ataimirira paphiko la ndege. Anagwera m'nyanja yamchere katatu, ine wolembane madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi a mtsinje wa Bua. Mkonzi akasowa zodzazira masamba ankandituma nkhani ziwiri kapena zitatu, n'kuziika pansi pa mayina ena, moti panali nthawi imene ndinali anthu atatu, ndipo owerenga ankalemba makalata kukangana kuti mwa atatuwo wodziwa kulemba ndani. Makope anadzaza sutikesi yachitsulo. Fodya wanga ankauma m'munda ine ndili ku Arabiya.

Tsopano mumve kagwiridwe kanga ka ntchito, chifukwa ndi kamene kanandimangitsa. Munthu sungalembe ndege ikukhota utangokhala pamkeka. Umafunika uimve m'chiuno. Ndiye masana, a Nabanda akapita kudimba, ndinkatenga lichero lawo n'kukalowa m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba. Mmenemo ndinkagoneka mtondo pansi n'kuukhalira, chifukwa mtondo wogona umagudubuzika uku ndi uku ngati ndege ikupendekeka. Lichero m'manja ngati chiwongolero, maso otsinzina, pakamwa ndikung'ung'udza ngati injini. Ndikapendeketsa lichero kumanja, thupi lonse linkatsatira, mawu n'kubwera okha. Ndikatsika pamtondopo ndinkalemba masamba asanu osapumira.

Zaka zinayi zoyambirira zinali zokoma. Chaka chachisanu mutu unauma. Mayiko a m'magazini aja ndinali nditawamaliza onse, ena kawiri. Koma Lachinayi silinkadziwa kuti mutu wauma, linkabwera basi. Kondakitala ankaima pamsewu kuimba hutala, dzanja lili panja kudikira kope. Ndinayamba kumuda Kabawi ngati mmene umadera mlendo wosatsanzika. Ndinamupha kamodzi, bwinobwino, ndege inaomba phiri n'kuyaka moto. Nyuzipepala itatuluka ndinapeza mkonzi wamuveka palachuti, munthu watera ali bwino, akupukuta fumbi pa nsapato. Ndinamuphanso chaka chotsatira ndi ng'ona, mkonzi anati ng'onayo inalavula.

Ndi pamene ndinayamba kukafuna nkhani kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika uno. Nonse mukupadziwa, musayang'ane pansi. Poyamba ndinkamwa kuti ndilembe, kenaka ndinkalemba kuti ndimwe. Pamalopo anthu ankandipatsa mpando wabwino, kundigulira, n'kumafunsa kuti a Pailoti, kumwambako kumazizira bwanji? Kodi mitambo imanunkha? Ine wopanda mabuleki pakamwa ndinkayankha zonse. Ndinawauza kuti ku Joni ndimapita m'mawa n'kubwerako nkhuku zisanalowe m'khola. Wina atafunsa kuti nanga ndege yanu mumasunga kuti popeza munapuma ntchito, ndinatsinzina diso limodzi n'kunena kuti ndege yanga ili kunyumba komweko, ndipo siifuna mafuta ogula. Anaseka, inenso ndinaseka. A Nabanda anandichenjeza kangapo konse kuti pakamwa pangapa padzatipsetsera nyumba. Ndinkawayankha kuti nsanje, poti iwo dzina lawo lili pandege koma sawagulira mowa.

Lachinayi lina ndinatumiza gawo limene Kabawi ali pamwamba pa nkhalango, injini imodzi ikuyaka moto, mafuta atatha. Sindinkadziwa kuti ndimutsitsa bwanji. Ndinati ndiganiza Lolemba.

Loweruka mdzukulu wa a Sikelo, kamtsikana ka sitandade 2, kanadwala malungo aakulu. Kakubwebweta, kanati kakuona ndege ya agogo a Pailoti ikukatenga. Nkhani zanga ana onse a pamudzi ankazidziwa, akuluakulu awo ankawawerengera. Koma pamenepo akazi awo a a Sikelo anakumbuka chimene anaona tsiku lina akusaka nkhuku yawo yoikira: mkamwini ali m'chigafa, wakwera mtondo, lichero m'manja, maso otsinzina, akung'ung'udza, akuti, Nabanda kwera, Nabanda kwera. Ananena pamaso pa anthu. Abale, kuno kwathu mukaphatikiza nkhalamba, lichero ndi kuuluka, yankho lake aliyense amalidziwa, ngakhale wosapita kusukulu. Ine ndekha, wolemba nkhani zodzaza sutikesi, ndi amene ndinali ndisanaphatikizepo.

Mmene dzuwa limafika pamutu n'kuti pakhomo panga padzaza anthu, ena ndi miyala. Apolisi ananditenga kuti andipulumutse. Mwana uja anapita naye kuchipatala, anachira patatha masiku anayi, koma anthu anati wachira chifukwa mfiti yatsekeredwa.

Kukhothi mlandu wanga unali wodzitcha mfiti. Anzanga a kumowa aja, omwe ankandigulira, anabwera kudzabwereza mawu anga onse, osasiyako ndi limodzi lomwe, ngakhale la mafuta lija. Woweruza anali mayi wamng'ono, wa magalasi, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ndikuganiza kuti anandimvera chisoni, chifukwa ananditsegulira chitseko chachikulu. Anavula magalasi n'kunena pang'onopang'ono:

"Bambo, ine sindikuweruza za ufiti. Ndikuweruza zimene munauza anthu. Mungondiyankha funso limodzi. Kodi inuyo munaulukapo?"

Ndikanangoti ayi, bwenzi nditabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Khothi linali lodzaza mpaka m'mawindo. Aphunzitsi amene ankandipatsa moni ndi manja awiri, kondakitala wa Lachinayi, anthu ochokera ku Msundwe ndi ku Nambuma amene anabwera panjinga kudzaona a Pailoti. Ndikati ayi, onsewo adziwa kuti zaka khumi akhala akuvulira chipewa wotchetcha udzu. Ndikati inde, ndine mfiti. Ndipo ndikuuzeni zoona, chifukwa tili m'tchalitchi: pa ziwirizo, ufiti unandionekera wopepuka.

"Kuuluka ndiye ntchito yanga, bwana," ndinatero.

Anandifunsa kuti ndimauluka pa chiyani. Ndinati pa chilichonse chimene chili pafupi. Kumbuyo ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Mayi uja anavalanso magalasi ake, n'kulemba. Zaka ziwiri.

Za kundende sindikuphunzitsani, ena muno mukuzidziwa kundiposa. Amakutsekerani dzuwa likadali m'mwamba, mumagona chammbali ngati usipa pathandala, wina akafuna kutembenuka mzere wonse utembenuke. Malo abwino ndi a kukhoma, kutali ndi ndowa ya chimbudzi, ndipo amagawa ndi nyapala, mkaidi wolamulira anzake m'chipindamo. Nyapala wathu atamva kuti wafika ndi mwini wake wa Kabawi, anandipatsa malo a kukhoma ndi bulangete lachiwiri, pa pangano loti akangotseka chitseko ndiziyamba nkhani. Kunja inali nkhani imodzi pa sabata. Muno inali tsiku lililonse, popanda lichero, popanda kachasu. Ndipo sankafuna za Kabawi zokha, ankafuna za ine mwini: mmene ndinaulukira, kumene ndinatera, akazi a ku Ulaya amanunkhira bwanji. Ndege ikadutsa pamwamba tili pabwalo, onse ankatembenukira kwa ine kuti a Pailoti, imeneyo ndi yanji, ikupita kuti? Ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga, n'kutchula dziko. Ndinathawira kundende kuti bodza lisaululike, ndinalipeza landidikirira pakhomo, landiyalira kale bulangete.

A Nabanda sanabwere miyezi isanu. Atabwera ndinatsala pang'ono kusawazindikira. Anaima kuseri kwa waya, chitenje chakale, kathumba ka mtedza wokazinga m'manja. Ndinayamba ndi nthabwala, ndinati ndege yanga yatera mochedwa. Sanaseke. Pa zaka makumi atatu za ukwati wathu anali atandikalipira, kundithira madzi, kundibisira nsapato, koma kusaseka kumene anali asanachitepo.

Anandiuza zinthu mwandondomeko, ngati akuwerenga mayina a odwala kutchalitchi. Kumjigo akafika, amayi amachotsa ndowa zawo pamzere n'kuima patali mpaka iwo atunge achoke. Palibe amabwera kudzapala moto kapena kupempha mchere. Pa maliro a azakhali awo enieni, atagwira mthiko kuti athandize kuphika, mayi wina anaulanda mwaulemu n'kuwauza kuti akapume. Anthu akuti ndegeyo dzina lake ndi Nabanda, ndiye mwini dzina sangakhale wosadziwa. A Sikelo anamanga kale katundu wanga m'thumba la feteleza n'kuliika m'chigafa, ndipo anena kuti tsiku limene ndidzatuluke ndidzangotenga thumbalo, adzandisudzula, ndisadzalowe n'komwe m'nyumba.

Ndinati bwanji osawauza zoona, inu mukuzidziwa.

"Ndinawauza, a Phiri," anatero. A Phiri ndi mfunda wanga, ndipo amauitana akakwiya zenizeni. "Ndinaima pakati pa mudzi n'kunena kuti amuna anga anali otchetcha udzu. Anandiseka. Akuti ndikubisa, poti mwini wake anavomera yekha pamaso pa boma. Padziko lonse ndine ndekha ndikudziwa kuti ndinu munthu wamba, ndipo palibe akundikhulupirira."

Woyang'anira ndende anali atayamba kale kugogoda waya ndi ndodo kuti nthawi yatha.

"Kodi chikwakwa chija chinali ndi manyazi anji?" anafunsa a Nabanda. "Ine zitumbuwa ndinkakuonjezerani chifukwa cha chikwakwa chomwecho. Apailoti enieni ankadutsa pagalimoto, sindinawaonjezerepo."

Anapereka mtedza uja kwa woyang'anira n'kutembenuka. Ndinawayang'ana mpaka pageti. Ankayenda ngati munthu wosenza mtolo, pamutu popanda kanthu.

Masana omwewo tili pabwalo ndege inadutsa, yaikulu, yoyera, ikutsika. Mitu yonse inatembenukira kwa ine monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana kumwamba. Ndinatsegula pakamwa, dzina la dziko lili kale palilime. Koma m'maso mwanga munali msana uja ukupita kugeti. Ndinati sindikudziwa. Anaseka, akuti a Pailoti ayamba nthabwala. Ndinati sindikudziwa kumene ikuchokera, sindikudziwa kumene ikupita, sindinadziwepo.

Atatitsekera, nyapala anaomba m'manja kuti nkhani iyambe. Ndinaimirira n'kuwauza nkhani imene ndakuuzani inuyi: wezulo ya kapitawo, magazini a kudzala, tayi yofiira, mtondo ndi lichero. Palibe anaseka. Nditamaliza nyapala anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti bulangete libwere. Anandisamutsira pafupi ndi ndowa. Musayembekeze kuti ndinena kuti mawa lake anandikhululukira. Ndinagona pandowapo mpaka tsiku lotuluka, aliyense wodzuka ankandiponda, ndipo dzina langa linasanduka Chikwakwa. Koma ndege ikadutsa palibenso ankatembenukira kwa ine. Ndinkaiyang'ana ngati wina aliyense, ndipo ndinaona koyamba kuti ndege ndi chinthu chokongola ukakhala kuti sukuyenera kufotokoza za icho.

Tsopano mumve zimene ndinachita nditatuluka, chifukwa kulapa kwa m'mtima kokha sikumasula thumba la feteleza.

Sindinapite kwa a Nabanda. Inu amene mwangotulukanu, musathamangire pakhomo pamene munalakwira ngati mukuchokera ku Joni ndi katundu. Ndinapita kwathu, kwa nkhoswe yanga, mphwanga wa kwa amayi aang'ono, n'kumuuza zonse ndi pakamwa pouma. Mowa ndinali nditasiya chifukwa kundende kulibe, kumene si kusiya. Kusiya kwenikweni kunayamba tsiku limene minibasi inaima pano pa Nsaru, mphepo n'kubweretsa fungo la kuseri kwa msika. Kuyambira tsiku limenelo ndimatsikira pa siteji ya kumtunda n'kuzungulira njira ya kuchigayo. Ndi yaitali, koma miyendo yanga sindiikhulupirira, imadziwa njira yakale kuposa mutu.

Kenaka ndinafuna mboni. Munthu amene wanama zaka khumi, choona chake sichiyenda chokha, chimafuna wochigwira dzanja. Ndinapalasa njinga yobwereka mpaka ku Lumbadzi kukasaka kapitawo wathu uja wa wezulo, a Mbewe. Ndinawapeza atakalamba, akuweta nkhumba. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti abwera ngakhale wapansi. Mkonzi wa tayi yofiira ndinamufunanso kuti alembe m'nyuzipepala kuti pailoti uja kunalibe, koma nyuzipepalayo inali itafa ine ndili m'kati, ndipo pa ofesi pake ankagulitsapo matayala.

Tinakumana m'mawa wina pansi pa mango kwa a Sikelo: ankhoswe a mbali zonse, mbumba yonse, ndi ena ongobwera kudzaonera. Thumba langa la feteleza analiika pakati, kuti aliyense aone kumene nkhani ikulowera. Ndinanena zanga nditagwada. Kenaka a Mbewe anaimirira ndi ndodo yawo. Anati munthuyu akumudziwa, anali m'gulu lawo la otchetcha, ndipo pa anthu onse amene anawayang'anirapo, waulesi ngati ameneyu sanamuonepo, chifukwa anzake akutchetcha iye maso ali kumwamba. Anati ndege imene Laisoni anaiyandikira kwambiri inali patali ngati apa ndi kumjigo, ndipo ngakhale pamenepo mlonda anamuthamangitsa. Sindinayambe ndasangalalapo chotere munthu akundinyoza.

A Sikelo anamvetsera nkhope ili gwa. Kenaka anati zamveka, koma akazi awo anaona zimene anaona, ndiye mkamwini aonetse anthu onse, pano, dzuwa likuwala, chimene ankachita m'chigafa muja.

A Nabanda anadzuka n'kubwera ndi lichero lomwe lija. Anthu anawauza kangapo kuti aliotche, iwo anakana, akuti lichero silinalakwe. Atalitulutsa, amayi ena anasendera m'mbuyo. Amuna awiri anagubuduza mtondo. Ndipo ine, nkhalamba ya imvi, yochokera kundende, ndinakwera mtondo pamaso pa apongozi, adzukulu ndi ankhoswe, ndinagwira lichero, ndinatsinzina, n'kuyamba kung'ung'udza. Abale, ndinaimapo m'khothi, ndinagonapo pandowa, koma manyazi a tsiku limenelo anali a mtundu wina. Ndinafotokoza kuti apa Kabawi akuthawa mbava, ndiye akhotere kumanja. Ndinapendeketsa lichero. Mtondo unagudubuzika kuposa mmene ndinkaukumbukira, ndinapezeka chagada, miyendo m'mwamba, lichero litandivundikira kumaso.

Woyamba kuseka anali mayi wake wa mwana anadwala uja. Kenaka mudzi wonse. Akazi awo a a Sikelo anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi chitenje, akuti ndi zomwezi, ndi zomwezi ndinaona. Munthu amene mwamuona atagwa pamtondo miyendo ili m'mwamba n'kovuta kumuopanso. Nditachotsa lichero kumaso ndinaona a Nabanda atatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

A Sikelo okha sanaseke. Anati anthu abalalike, chigamulo anena okha. Thumba lija linatsala pomwepo. Anandikodola kuti ndiwatsatire kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo ndinapita ndikudziwa kuti akufuna kundisudzula popanda kundichititsa manyazi ena. Anaima n'kumayang'ana mbuzi. Ananena kuti mlongo wawo wavutika chifukwa cha ine, ndipo akadzangomva fungo la kachasu kamodzi, thumbalo adzalinyamula okha mpaka pamsewu. Ndinavomera. Anayamba kukanda khungwa la mtengo wa khola ndi chikhadabo. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, Kabawi uja munamusiya pamwamba pa nkhalango, mafuta atatha, injini ikuyaka. Zaka ziwiri tsopano. Kodi anatera?"

Ndinawayang'ana. Munthu amene zaka khumi ankati nkhani zanga ndi zopusitsa ana. Ndinati sindinalembe, alamu, sindikudziwa kuti ndimutsitsa bwanji.

"Ndiye mukamasule thumba lanu," anatero. "Simungachoke pamudzi pano mutasiya munthu m'mwamba."

Ndinamutsitsa sabata yomweyo. Ndinalemba m'kope, pakhonde, anthu akudutsa, ndipo pamwamba pa tsamba loyamba ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti wolemba nkhaniyi sanakwerepo ndege. Kabawi anatera m'munda wa mtedza kuseri kwa Kabudula, ndege inathyoka mapiko onse awiri, palachuti panalibe, ng'ona yolavula panalibe. Anatuluka akutsimphina, mwini munda anamulipiritsa mtedza umene anaononga, ndipo poti analibe kanthu m'thumba, anamupatsa chikwakwa kuti atchetche m'malire. Kope limenelo silinakwere minibasi. Ndinawawerengera a Sikelo okha, kuseri kwa khola. Anati mathero ake ndi ofooka, koma bola munthu ali pansi.

Ndiye inu amene mwakhala apa, sindikudziwa kuti anzanu a kumowa amakutchani ndani, ndiponso kuti mukulipira chiyani kuti dzinalo lisafe. Koma kunyumba kwanu kuli munthu mmodzi amene anakuonani ndi chikwakwa chanu, ndipo mwina ndi amene akuchotseredwa ndowa kumjigo panopa. Yambani ndi ameneyo.

Abusa akuyang'ana wotchi. A Nabanda ali panjapo, pansi pa bulugama, sandilola kudutsa pa Nsaru ndekha. Mukatuluka muwapatse moni, koma za lichero musafunse. Analipachika pamsomali wapamwamba, pamene ine sindifikira.